Petulo m'chitsime cha amama

Nditachoka ku Dedza kudzayamba ntchito ya unamwino ku Mzuzu, ndinapeza nyumba ya lendi ku Mchengautuwa, kuseri kwa nyumba ya mayi wina wamasiye. Aliyense ankawatchula kuti amama, inenso ndinangotengera. Kwawo kunali ku Nkhata Bay, koma anakhala m'tauni muno chikwatiwire, ndipo Chichewa chawo chinkatuluka chosakanikirana ndi Chitumbuka.

Pakati pa nyumba zathu panali chitsime chimene malemu amuna awo anakumba ndi manja awo. Madzi akasiya kutuluka m'mipope, anthu a m'dera lathu ankabwera ndi zidebe, ndipo amama sankabweza munthu. Madzi omwewo ankathirira mpiru ndi repu m'kadimba kawo kumunsi kwa bwalo.

Chaka china mvula itangotha, tiyi wanga anayamba kumveka zachilendo. Ndinatsuka ketulo, osasintha. Nditatunga ndowa ina n'kuiika padzuwa, ndinaona pamwamba pa madzi pakuyandama timafuta tonyezimira ngati utawaleza. Fungo lake linali la petulo.

"Amama, madziwa tisamwenso," ndinawauza. "Angatidwalitse, makamaka ana."

Ananunkhiza ndowayo, nkhope n'kusintha. "Mwana wane, chitsime ichi sichinadwalitsepo munthu. Alipo wathiramo palafini."

Amene ankamuganizira ndinkamudziwa. Anali mayi woyandikana nafe, wogulitsa mandasi kumsewu, amene anakangana naye nkhuku zake zitadya ndiwo za m'dimba. Amama anapita pampanda n'kumunena pamaso pa anthu. Mayiyo anangolowa m'nyumba. Kuyambira pamenepo sanabwerenso kudzatunga.

Amama anaitana amuna awiri kuti akape chitsime chonse. Anachotsa madzi mpaka matope a pansi, wolowa mkatiyo n'kutuluka akudandaula mutu ndi chizungulire. Madzi atsopano atadzaza, fungo linali loposa kale. Ndinawapeza amama atakhala pakhonde, ndowa ili patsogolo pawo, akungoiyang'ana.

Amene anatitsegula maso anali mayi wa mandasi yemweyo. Anandiimitsa kumsewu ndikuchokera ku ntchito.

"Anesi, ine ndi amama sitikulankhulana, koma mukawauze. Pa filing'i siteshoni apa a njinga zamoto akudandaula kuti mafuta akumakhala ndi madzi. Ngati madzi akulowa m'thanki, ndiye kuti mafutanso akutuluka."

Filing'i siteshoniyo inali kumtunda kwathu, ife kumunsi. Ndinkadutsapo tsiku lililonse osaganizako kuti pansi pa simenti pali mathanki okwiriridwa. Tinakanena ku khonsolo, ndipo patapita nthawi kunabwera anthu odzayeza madzi. Atakumba pa siteshonipo anapeza thanki imodzi yakale itadyeka ndi dzimbiri. Dothi lofiira la pamalopo linali litada bii, likununkha mpaka kumsewu. Anatiuza kuti mafutawo akhala akudontha kwa nthawi yaitali, akutsetsereka pansi pa nthaka pamodzi ndi madzi, ndipo kuti ngakhale thanki ichotsedwe, nthaka siyera msanga. Chitsime chinayenera kutsekedwa, ndiwo za m'dimba osadyanso.

Mwini filing'i siteshoni anabwera yekha kunyumba. Ndinkayembekezera munthu wodzikuza, koma anali bambo wachikulire wooneka wotopa. Anavula chipewa n'kukhala pakampando kakang'ono.

"Amama, phepani chomene. Malowa ndinagula thanki ili kale pansi. Ndinalakwa kusaiyezetsa."

"Ana a anthu amwa madzi amenewa m'manja mwanga," anatero amama. "Ine ndikawauza chiyani makolo awo?"

Bamboyo analonjeza kuwakokera mpope, ndipo anachitadi. Ana a m'deralo tinawatengera kuchipatala kukawapima, mwamwayi panalibe amene anapezeka ndi vuto lalikulu, ngakhale ine mtima sunakhazikike kwa miyezi.

Ndiwo za m'dimba amama anazula okha, anakana kuti ndiwathandize. Atamaliza anasamba, n'kuvala chitenje cha kutchalitchi, n'kundipempha kuti ndiwaperekeze kwa mayi wa mandasi. Anakhala pamphasa, ena mwa anthu aja amene anamva kunenako ali pomwepo.

"Ndinakunamizira, mwana wane. Ndinakunena pagulu, ndiye ndabwera kudzapepesa pagulu."

Mayiyo anagwetsa misozi. "Yewo, amama. Zinandipweteka, koma zatha."

Tsiku limene amisiri anabwera kudzatseka chitsime ndi simenti, amama sanatuluke m'nyumba. Ndinawalowera ndi tiyi wa madzi a pampope. Anandifotokozera mmene amuna awo ankakumbira akaweruka ku ntchito, iwo akukoka dothi ndi ndowa ali ndi pakati pa mwana wawo woyamba. Sanalire, koma tiyiyo anazizira m'kapu.

Dimba sanalimenso. Anayamba kuthandiza mayi uja kukazinga mandasi m'mamawa, ati kuti manja asauma. Ine ndinakhala nawo zaka zina ziwiri ndisanasamukire ku Masasa, ndipo chaka chatha mwana wawo wamkazi anadzawatenga kuti akakhale naye ku Nkhata Bay, miyendo itayamba kuwavuta.