Boyila ya m'chikuta

Boyila ya gasi yofunditsa nyumba imene tinkachita lendi ku Handsworth, kuno ku dziko la azungu, inali yaikulu kwa ine pa zaka, ndipo amene anaiika anali ndi maganizo akeake: anaibisa m'kabati, m'chipinda chogona cha pamwamba. Inafa m'mwezi wa Januwale, pachimake pa chisanu cha kuno, mwana wanga woyamba asanathe sabata chibadwire. Ndinadzuka m'mawa nthunzi ikutuluka m'kamwa ngati ndili ku Dedza mu Juni. M'kabatimo munkangomveka the-the-the, kenako zii, moto osayaka.

Mwanayo anabadwa wochepa thupi, ndipo mzamba anali atanenetsa kuti chipinda chisazizire. Ine ndine namwino, ndinkadziwa zimene chisanu chimachita pa kakhanda kotere. Tinali ndi kahita kamagetsi kamodzi, koma kankangofunditsa mapazi a munthu amene waima pafupi. Mwamuna wanga anali ku ntchito ku Hanley, kumene masiku ena ankagonera konko. Pa foni anati, "Landlord ndamuuza, engineer wabukidwa kale, afika m'mawa uno. Gasiyo osakhudza, kuno ndi mlandu."

Nkhani inali pa amayi. Anabwera kuchokera kumudzi kudzandithandiza pa uchembere, ndipo tsiku limene tinatuluka m'chipatala analengeza kuti chipinda chija ndi chikuta. Kwathu mwana akabadwa amabindikira ndi mayi wake mpaka mchombo utagwa. Munthu wotentha, kutanthauza amene akugona ndi mkazi kapena mwamuna wake, salowamo, kuopa kuti mwana angatsemphedwe, n'kutupa mpaka kufa. Mwamuna wanga yemwe ankangosuzumira pakhomo ngati wodzabwereka nkhwangwa. Amayi ndi munthu wopemphera, wa bulauzi yoyera ya kutchalitchi, koma pa nkhani iyi ngakhale abusa analibe mawu.

Wokonza boyila anafika cha m'mamawa ndithu. Anali bambo wachikulire, wa imvi m'ndevu, wobadwira konkuno kwa makolo a ku Jamaica. Anakwera masitepe ndi bokosi lake la zitsulo, n'kupeza amayi ataima pakhomo, atamanga chitenje pamwamba pa jekete ya mkamwini wawo, manja atatambasula.

"Salowa ameneyu," anatero amayi.

"Amayi, boyila ili muno. Akakonzera pa msewu?"

"Salowa."

"Ndiye ife tisamukire m'chipinda chinacho."

"Mchombo sunagwe. Mwana satuluka."

Ndinapsa mtima. Ndinawakumbutsa kuti mwana ameneyu wagwiridwa ndi theka la chipatala, madokotala, azamba, ana a sukulu ophunzira unamwino, ndipo palibe amene anafunsidwa kumene anagona dzulo lake. Amayi anangoti, "Za kuchipatala n'za kuchipatala. Muno muli ine." Thupi langa linali lidakali zilonda, tulo ndinalibe, ndipo nditagwira timanja ta mwana tinali tozizira. Misozi ya ukali inayamba kutsika yokha.

Bambo aja sanamve liwu n'limodzi lomwe, koma anaona kuti zavuta. Anandiuza mofatsa kuti akhoza kubwera mawa, kungoti usiku umenewo kudzazizira kuposa dzulo. Ndinawamasulira amayi. Anayang'ana mwana nthawi yaitali, ndipo apo m'pamene ndinazindikira kuti si makani, amayi ankachita mantha.

"Afunse ngati ali pa banja," anatero. "Akati eya, uwafunsenso ngati..."

"Amayi! Munthu wamkulu chonchi?"

"Afunse."

Manyazi anandigwira, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinafunsa funso loyamba lokha, maso ali pansi. Bambo aja anayang'ana mphete imene inali pa chala chawo.

"She passed last spring, love. It's just me now."

Ndinawauza amayi kuti akazi awo anamwalira chaka chatha, ndipo akukhala okha. Amayi anatsitsa manja. Ananyonyomala pang'ono, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono monga timachitira tikafika pa siwa. "Pepani, bambo. Pepani kwambiri." Bambo aja anagwedeza mutu ngati Chichewa anayamwira. Amayi anapatuka pakhomo.

Ntchito yake ndinaionera ndili pabedi, mwana ali pachifuwa panga m'kati mwa bulangeti. Anayamba akatseka gasi ku mita ya pansi, kenako anachotsa chivundikiro. Atapima ndi kachipangizo kawo anati magetsi akufika bwinobwino, koma valavu ya gasi yakana kutseguka. Anandionetsa: kachitsulo kofanana ndi chibakera cha munthu, kokhala ndi timawaya m'mbali, kamene kamalola gasi kupita ku moto. Boyila zakale zotere zipangizo zake zikusowa, anatero, koma amadziwa sitolo ina ku Bordesley Green imene imasunga zinthu za makedzana. Anapita. Amayi anakhala pawindo kudikira galimoto yawo ngati ndi m'bale.

Atabwerako anagwada m'kabatimo, mawondo akulira. Anamasula mapaipi ndi sipanala, anaika valavu yatsopano ndi timphira tatsopano, n'kupopera madzi a thovu polumikizira paliponse kuti aone ngati gasi akutuluka. Ankagwira ntchito mwakachetechete, chitsulo chilichonse kuchiika pa nsalu kuti chisadzutse mwana. Kenako the-the-the uja anamvekanso, ndipo ulendo uno panatsatira phuu. Pa kagalasi panaoneka moto wabuluu. Anapimanso zina ndi zina, osafulumira, mpaka mapaipi a m'makoma anayamba kulira chifukwa cha madzi otentha.

Amayi sanawalole kupita asanamwe tiyi. Anawaikira shuga wambiri osafunsa, ndipo bambo aja anamwa yense.

Atapita, amayi anakhala pansi, msana atatsamira chitsulo chofunditsa chipinda, miyendo atawongola, mdzukulu ali pamiyendo. Chipinda chinayamba kufunda. Timanja ta mwana tinabwerera mwakale. Ine mtima unali utatsika, ndipo ndinafuna kuwaseka kuti lero afunsira bambo wa eni ake.

"Iwe sindiwe woyamba," anatero, osandiyang'ana.

Ndinakula ndikudziwa kuti ndine mwana wachisamba. Koma amayi anati ine ndisanabadwe kunali mwana wamwamuna. Ali m'chikuta, mlamu wawo analowa kudzatenga pampu ya njinga, iwo ali kamtsikana, osatha kumubweza munthu wamkulu. Patapita masiku ochepa mwana anatentha thupi, pamchombo panatupa, n'kumwalira. Apongozi awo anati mlandu ndi wa amene anasiya chitseko. Dzina analibe. Anakamuika amayi akuluakulu okhaokha, ndipo amayi angawo anawaletsa kulira, poti khanda lotere salirira.

Ndinadziwa nthawi yomweyo chimene chinapha mwanayo. Matenda olowera pa mchombo ndawaona kangapo pa ntchito, ndipo masiku ano amachizika.

"Iwe unaphunzira," anatero amayi. "Kodi ndinali ine?"

"Ayi, amayi. Simunali inu."

Anagwedeza mutu, n'kufunsanso kachiwiri, ndipo ndinayankha chimodzimodzi. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinatsika pabedi pang'onopang'ono, n'kuwalandira mwana kuti amayi alire bwinobwino.