Nthiti za Hatchi ndi Dzanja la Bambo Anga

Lachiwiri lapitali msuweni wanga, Che Amidu, anandiimbira foni. Amasamalira mahatchi awiri pamalo ena ogona alendo kuno ku Mangochi, ndipo imodzi inali itakana kuyenda. Abwana awo anali atanena kale kuti ikangofa, ntchito yathera pomwepo.

Nditafika ndinaipeza itaima ngati yaponda makala, ikusinthasintha miyendo yakutsogolo. Kunenepa kwake, abale! Msana unachita kukumbika ngalande.

"Asuweni, ine chakudya sindiimana," anatero Che Amidu. "Madeya ndimathira ndowa yodzadza, m'mawa ndi madzulo. Alendo angamati ndikuizunza."

Dzanja langa linapita lokha m'nthiti mwa hatchiyo, ndipo pomwepo ndinakumbuka bambo anga.

Malemu bambo ankasamalira mahatchi pa esiteti ina ya fodya cha ku Katuli. Sikelo analibe. M'mawa uliwonse ankasisita hatchi kuyambira pakhosi mpaka kumchira, kenako n'kugwira dzanja langa. "Nthiti uzizimva ndi chikhatho, osati kuziona ndi maso. Ukaziona, yaonda. Ukazisowa, ukuipha."

Lachiwiri ndinazisowa. Ndinakanikiza ndithu, zala zinangomira m'mafuta.

Koma Che Amidu tiwanene chiyani? Si ife tomwe timakuwa kuti "Mwanenepatu!" ngati munthu wapata mphotho? Mwana akatupa masaya timati akusungidwa bwino. Mkazi akaonda pabanja, mudzi wonse umaloza chala mwamuna. Chikondi chathu timachiyeza ndi ndowa, n'kuiwala kuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Dokotala wa ziweto atabwera anati madeya ndi mafutawo zatupitsa m'kati mwa ziboda. Madeya achoke, izidya udzu wouma. Zoti ichira sanalonjeze.

Ndisanachoke ndinagwira dzanja la Che Amidu n'kuliika m'nthiti mwa hatchi inayo.

"Mukuzimva?"

"Patalitali," anatero. "Ndiye amalume anakuphunzitsani zonsezi, inu n'kungokhala nazo chete?"

Funso limenelo landisautsa sabata yonse. Bambo ndimawasowa kwambiri, fungo la thukuta la hatchi pamalaya awo, chikhatho chawo chokhakhala pamwamba pa changa. Ndinkaganiza kuti zonsezo zinapita nawo kumanda. Chonsecho anandisiyira m'manja, ine n'kupisa manjawo m'thumba zaka zonsezi, mpaka hatchi ya eni yaleka kuyenda.