Tsamba Limene Ndinasiya Losatseka

Ndinasiya buku losatseka pampando wa pakhonde. Kulakwa kwanga kunali komweko basi, koma kunatsala pang'ono kugwedeza banja la zaka makumi atatu.

Sukulu ndinalekera panjira, koma kuwerenga sindinaleke. Ndili ndi buku la zaumoyo lothothoka chikuto lomwe ndinagula pamsika wa Golomoti. Chifukwa cha bukulo ndinkadziyesa dokotala, ngakhale kuti wodwala yekhayo amene ndinamuyesapo mankhwala inali mbuzi, ndipo nayonso inafa.

Inali nyengo yotentha ija ya Okutobala pamene akazi anga anayamba kuvutika pokodza. Ndinkangowaona akupita kuchimbudzi kasanu dzuwa lisanakwere, n'kubwerako atagwira pachinena, thukuta lili kamukamu. M'malo mowafunsa iwo, ndinafunsa buku. Ndinkafuna mutu wa likodzo, poti kwathu kuno madzi a m'dambo sitiwathawa. Ndikutembenuza masamba, ndinamva mfuu yoti ng'ombe zalowa m'dimba mwathu. Ndinathamanga, buku n'kulisiya lili yasa pa tsamba la chinzonono.

Pobwera ndinalipeza lotseka, ataliika pamwamba pa malaya anga. Akazi anga sawerenga kwambiri, koma zilembo zazikulu za pamutu amazitha. Kuyambira tsiku limenelo moni wawo anauma. Madzi osamba ankandiikira ndithu, koma osandiyang'ana. Ine, katswiri wa mabuku, ndinkati ndi ululu chabe.

Tsiku lachinayi aneba athu, mayi wamasiye amene amagulitsa tomato limodzi ndi akazi anga, anandipeza ndikusema mpini.

"Alamu, siyani mpiniwo. Akazi anu mkodzo watsekeka chiyambire m'mawa. Itanani njinga yamoto."

Kuchipatala ine anandisiya pabenchi. Namwino atawapima anamva kanthu kolimba m'njira ya mkodzo, ndipo makina ounikira m'mimba anatsimikiza. Adokotala anandiitana n'kundifotokozera mofatsa kuti ndi kamwala kopangika m'thupi momwemo, katsika n'kudzatsakamira potulukira. Anati kwa amayi sizichitikachitika poti njira yawo ndi yaifupi, koma zimachitika, makamaka munthu akamagwira ntchito padzuwa osamwa madzi okwanira. Anapaka mankhwala a dzanzi, n'kukakoka ndi kachitsulo kopanira. Anatipatsa kamwalako m'kabotolo. Kanali ngati njere ya khobwe, kokhakhala.

Nditalowa m'wodi, akazi anga anali atagona chammbali, akuyang'anitsitsa kamwalako.

"Ndiye si zijazi, bambo?"

"Ziti, mayi?"

"Za patsamba lanu lija. Ndinkati kapena mukundinena ine, kapena mukudziulula nokha."

Ndinakhala pansi penipeni, pasimenti.

"Mayi, ine ndinkafuna likodzo. Ng'ombe ndi zimene zinandisokoneza."

Anayamba kuseka, ululu n'kuwaletsa, n'kuyambanso.

"Masiku anayi onsewa ndakhala ndikusanthula akazi a m'mudzi mwathu mmodzimmodzi."

"Munapeza ndani?"

"Palibe amene akanakulolani."

Dzanja lawo linatuluka m'chitenje n'kugwira langa. Linali lotentha, lokhakhala ngati kamwala kaja. Ndi pamene ndinamvetsa kuti anapirira ululu wonsewo osapempha kupita kuchipatala chifukwa ankaopa zimene akamve kumeneko zokhudza ine.

Masiku ano akamapita kumunda kapena kumsika, chigubu cha madzi ndimanyamula ndine, ndipo ndimaima pomwepo mpaka amwe. Amadandaula kuti ndawasandutsa mbande ya tomato. Kabotolo kaja anakaika pawindo.

Titabwerako kuchipatala ndinapita kwa aneba aja ndi nkhuku yothokozera. Anailandira, n'kuiyeza kulemera m'manja, kenaka anandiyang'ana.

"Alamu, masamba onse aja munawerenga. Koma munthu mumagona naye mphasa imodzi, kungomufunsa kuti pakuwawa ndi pati, chinakukanikani n'chiyani?"