Diso la Kumanja la a Karambwe

Ntchito yanga ndi yoyang'ana pansi. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri ndakhala ndikulondola mapazi a njati ndi njovu kuno ku Dande, m'mbali mwa mtsinje wa Angwa, ndipo wondilondera ndi mfuti wakhala mmodzi yemweyo, alamu anga a Munetsi Karambwe. Mlendo wodzasaka akalasa njati osaimaliza, iyo n'kukalowa m'jesi, m'zitsamba zothinana zija zoti ngakhale mkono wako suuona, wolowa patsogolo ndinali ine, chowerama, maso pa magazi, m'manja kandodo basi. Oyang'ana kutsogolo anali a Karambwe. Njati ikadzuka ine ndinkadzigwetsa pansi, iwo n'kuwombera pamwamba pa msana wanga.

A Karambwe anabadwira ku Mushumbi, kwa mlimi wa thonje, ndipo sukulu anailekeza panjira. Ku msasa wa alenje anayamba ndi kusenda zikopa, kenaka kulondola mapazi ngati ine, Chingerezi akuchitola pa nyuzipepala zimene alendo ankataya. Mayeso a ulenje anawalephera kawiri. Kachitatu anakhoza imvi zitayamba kale, n'kukhala mmodzi mwa anthu akuda ochepa m'chigwa muno okhala ndi chiphaso choperekeza alendo kokasaka nyama zoopsa. Chiphasocho anachikuta m'pulasitiki, ndipo mpaka lero sachisiya ngakhale popita kumaliro. Mfunda wawo ndi wa njovu, n'chifukwa chake timawatchula kuti Samanyanga, ndipo nyama ya njovu salawa chikhalirecho njovu agwetsa zosawerengeka. Anakwatira mlongo wanga, Mai Farisai. Ine pokhala wa mfunda wa nyani amanditchula kuti Soko, ndipo tsiku silinkatha osandifunsa kuti ndaba chimanga cha yani. Ndi munthu wabwino, koma makani ake ndi oti ukhoza kuwamenya ndi chikuni.

Diso lawo ndinawononga ndine. Bwino ndinene msanga. M'jesi lamulo ndi lakuti wa patsogolo akapinda nthambi, aigwire mpaka wa kumbuyo ailandire. Ngakhale wongoyamba kumene ntchito amadziwa zimenezi. Koma m'mawa wina ndinaona ndowe za njati zikadafuka, mtima unathamangira kumeneko, nthambi ya minga n'kuitaya. Ndinangomva kuti thwa! Diso lawo la kumanja linafiira sabata yathunthu, kenaka iwo anati lachira, ine n'kukhulupirira chifukwa ndinkafuna kukhulupirira.

Koma wolondola mapazi sabisidwa kanthu nthawi yaitali. Ndinaona kuti pothira tiyi akuphonya kapu. Nkhanga zikadutsa chakumanja sankaziona. Akawombera, tsaya linkatupa, chifukwa mfuti ankaiika paphewa la kumanja monga mwa nthawi zonse, koma mutu n'kuukhotetsa pamwamba pa thako la mfuti kuti aloze ndi diso la kumanzere. Masana ena tikupuma pamchenga wa Angwa anandiuza okha kuti anapita mwakachetechete kwa dokotala ku Harare, ndipo anauzidwa kuti disolo lapita, latsala ndi kuona mbuu ngati utsi. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, abwana a kampani kapena mlongo wanga. Za nthambi ija sanatchule n'komwe. Akanandilalatira ndikanapepukidwa, koma sanatero.

Zaka zitatu tinayenda choncho. Mfuti yawo yakale ya .375 inali yofatsa, imakankha koma mwaulemu, choncho chinyengo chawo chinkatheka, ngakhale ndinkaona kuti akuchedwa kuwombera. Kuchedwa kwake kunali kwa kuphethira kumodzi kokha, koma ine wogona pansi njati ikubwera ndinkakumva m'mafupa. Kenaka thako la mfutiyo linang'ambika, ndipo chaka chomwecho kampani inapatsidwa dera la njovu zazimuna. Abwana anati nthawi yakwana yoti a Karambwe akhale ndi mfuti yaikulu yoimitsa nyama pafupi, apite ku Harare akasankhe okha. Ine ndinadzikakamiza pa ulendowo. Anandiseka kuti nyani akufuna kukaona magetsi, koma sanandikanize.

Mwini sitolo anali a Siziba, mkulu wa Chindebele wa zala zakuda ndi mafuta, yemwe wakhala akukonza mfuti za alenje kuyambira kale. Anayala zitatu pa tebulo la nsalu yobiriwira, zonse za mtundu wokoka bawuti ndi dzanja kuti chipolopolo chilowe. Ya .375 anaiika pambali nati imeneyo akuidziwa kale. Ya .416 anati chipolopolo chake chimaboola kwambiri ndipo siizunza mwini wake. Ya .458 anaisisita ngati ng'ombe yake, nati imeneyi njovu imakhala pansi, koma amene saigwira bwino imamuphunzitsa mwambo. A Karambwe anaitola, anakoka bawuti kangapo kumvetsera kulira kwake, anasuzumira mu mpope, anafunsa kuti imanyamula zipolopolo zingati. Nkhope yawo inawala ngati ya mwana. 

Ndiye a Siziba anachita zimene amachita ndi aliyense wogula mfuti, kuti aone ngati thako likumuyenera. Anawauza kuti atsinzine, akweze mfuti msanga kuloza mutu wa nswala umene unali pakhoma, kenaka atsegule maso. A Karambwe anakweza bwino, monga munthu wa zaka zambiri pa ntchito. Atatsegula maso, mutu unapendekeka wokha kufunafuna diso la kumanzere. A Siziba anati abwerezenso. Zinachitika chimodzimodzi.  Mkuluyo analowa kuseri, n'kubwera ndi .416 ina yokhala ndi bawuti kumanzere, nanena motsitsa mawu kuti inaitanitsidwa ndi munthu wina amene sanabwerenso, ndipo mlenje wozolowera akhoza kuphunzira phewa lina m'miyezi itatu ngati atalimbikira.

"Ine ndine wamanzere, a Siziba?" anafunsa a Karambwe.

"Dzanja lanu ndi la kumanja, baba. Koma mfuti imatsata diso."

A Karambwe anaika mfuti pansi pang'onopang'ono, nati tikadye kaye.

Tinakhala pa benchi kuseri kwa msika, sadza, nsima ya kuno, ndi nyama ya mbuzi zili patsogolo, koma palibe anasamba m'manja. Ndinawapempha kuti atenge ya kumanzere ija. Anandifunsa kuti akafika nayo ku msasa anena chiyani, poti aliyense kuyambira abwana mpaka wophika akudziwa phewa limene iwo amawombera nalo. Abwana akangoona bawuti ili kumanzere afunsa, akafunsa awatumiza kokayezetsa maso, ndipo palibe mlendo amene angawoloke nyanja kudzaperekezedwa kwa njati ndi munthu wa diso limodzi. Anati pa msinkhu wawo sangabwererenso kokasenda zikopa pansi pa anyamata amene anawaphunzitsa okha. Zonsezo zinali zoona, ndipo n'zimene zinandipsetsa mtima kwambiri.

"Samanyanga, mukagula ya .458 ija, ine m'jesi sindilowanso patsogolo panu," ndinatero. "Ndili ndi ana inenso."

Anandiyang'ana ndi diso lawo limodzilo.

"Soko, diso munatenga, sindinayankhule. Tsopano mukufunanso mbale yanga?"

Zaka zitatu ndinkayembekezera mawu amenewo, koma atabwera ndinasowa pogwira.  Tinabwerera ku sitolo, iwo n'kusankha .458 ya kumanja. A Siziba polemba mapepala a ku polisi anandiyang'ana ine, osati iwo, ndipo ndinayang'ana kumbali. 

Mapepala atatuluka, mfuti inafika kutatsala milungu isanu kuti alendo ayambe kubwera. Tinkapita awiri ku khwawa louma kukaiyesa pa chulu. Kuwombera koyamba, thako linawamenya pa tsaya mpaka khungu linang'ambika. Anapukuta magazi ndi chipewa n'kuikamo chipolopolo china. Tsiku lachitatu dzino linagwedera. Ku msasa ankanena kuti alumidwa ndi njuchi, kunyumba ankanena kuti agundidwa ndi chitseko cha galimoto, ndipo mlongo wanga ankawathowa ndi madzi otentha uku akudandaula kuti mwamuna wake wayamba kusasamala. Kulasa ankalasa ndithu, pamenepo sindinganame. Koma thupi linayamba kuopa mfutiyo, ndipo kuchedwa kuja kunawonjezereka. Za mawu anga a ku Harare sitinakambenso. Ine ndinali nditagonja kale mumtima kuti ndidzalowa basi, poti wolakwa ndine.

Mlendo woyamba chaka chimenecho anali mkulu wonenepa wa ku Ulaya, wa manja onjenjemera. Tsiku lachinayi, dzuwa lili paliwombo, analasa njati yamphongo m'mimba m'malo mwa paphewa. Inathawira m'jesi. Tinadikira kanthawi monga mwa mwambo wake, mlendo n'kusiyidwa pagalimoto ndi msilikali wa zanyama amene amatiperekeza. Magazi anali akuda, osakanikirana ndi zam'mimba, kusonyeza kuti njatiyo ikadali ndi mphamvu zake zonse ndipo ikutidikira. Ndinavula jekete, ndinatola kandodo kanga. Nditangowerama kuti ndilowe, ndinamva dzanja likundikoka malaya kumbuyo.

"Lero muyenda kumbuyo, alamu."

Ndinawakumbutsa kuti munthu sangayang'ane magazi pansi ndi kuyang'ananso kutsogolo nthawi imodzi, ngakhale wa maso awiri.

"Mapazi ndinayamba kulondola inu musanamere ndevu," anatero. "Inu muziyang'ana kumanja kwangaku. Chikagwedezeka, kuwani. Ntchito yanu ndi imeneyo tsopano."

Analowa. Ndinawatsatira, manja ali lende, ndikuyang'ana msana wa munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi akukwawa m'minga ndi mfuti yolemera. Sindinaopepo chotero m'moyo wanga, ngakhale masiku amene ndinkakhala patsogolo. Njatiyo inatulukira chakumanzere, mwayi wake unali umenewo. Chipolopolo choyamba chinaitembenuza, chachiwiri chinaigwetsa pafupi kwambiri moti magazi ake anawathimbirira nsapato. Anakhala pansi, tsaya likuchucha, manja akulephera kutsegula botolo la madzi. Ndinawatsegulira.

Nkhani inafika ku msasa ife tisanafike, poti mlendo anatsogola pagalimoto. Mlendo anauza aliyense kuti sanaonepo mlenje wolimba mtima chotero, wolondola yekha njati yovulala. Abwana anakondwa, nati mfuti yatsopano yawabwezera a Karambwe unyamata. Za ine anthu anamaliza okha: Soko wakalamba, wagwidwa ndi mantha, akubisala kumbuyo kwa mlamu wake. Wophika anayamba kundifunsa ngati andisungire malo kukhitchini. Ndinkaseka nawo, koma zinkandiwawa. Chaka chonsecho tinalowa m'jesi kasanu, iwo patsogolo, ine kumbuyo. Kawiri ndinawachonderera kuti tisinthane, kamodzi kuti andimasule pa lumbiro lija. Yankho linali kundifunsa kuti ndaba chimanga cha yani.

Mvula itayamba, msasa unatsekedwa, tonse tinabwerera ku Mushumbi. Lamlungu lina masana ndinapita kukaona a Karambwe, koma ndinapeza apita kumunda. Mlongo wanga anali pakhonde akusankha masau ouma m'lichero. Sanandipatse mpando. Anati wamva zonse kwa akazi a ogwira ntchito ku msasa, ndipo poyamba anawatsutsa, kuti mchimwene wake si munthu wotero. Anandikumbutsa kuti amene anandipezera ntchito ndi mwamuna wake, amene anaika maliro a bambo athu ndi mwamuna wake. Ankayankhula osakweza mawu, misozi ikugwera m'masau.

"Achimwene, munthu uja ali ndi maso awiri okha ngati inu nomwe. Sangayang'ane pansi ndi kutsogolo. Alendo akabweranso mubwerere pamalo panu. Akakafera m'jesi muja inu muli kumbuyo, wapha ndinu, ndipo pamaliro ake musadzabwere."

Pakamwa panga panatseguka, mawu anafika pa lilime. Chapatali ndinaona a Karambwe akubwera ndi khasu paphewa, mutu utapendekekera kumanja pang'ono kuti aone njira bwino. Anandikwezera dzanja.

"Ndamva, achemwali," ndinatero.