Tsiku Limene Malume Anaumira Thukuta pa Benchi

Nsapato za malume zinali zansalu, zoyera. Lachisanu lililonse ankazipaka choko chonyowa n'kuziyanika padzuwa, zikauma n'kuziomba pamodzi, ine n'kumayetsemula.

Chilimwe chimenecho timu ya basiketi ya kwathu ku Kawale, imene malume ankasewera, inafika mu fainolo, kukakumana ndi anyamata a ku Biwi. Kunamveka kuti kubwera mabwana a kampani ina kudzasankha mnyamata mmodzi woti akasewere timu yawo, n'kumulembanso ntchito. Amayi, amene ankadyetsa mlongo wawoyo ndi geni ya tomato, anali atayamba kale kunena kuti, "Achimwene akangoyamba ntchito, denga ili tisintha."

Simenti ya pabwalo inkatentha moti ife opanda nsapato tinkaima ndi mwendo umodzi ngati akakowa. Malume akaponya, mpira unkalowa m'nkhata yachitsulo ija osakhudza m'mbali. Tinali patsogolo ndithu. Ndiye aphunzitsi, amene ankayendetsa timuyo, anangokweza dzanja, kuwatulutsa malume, n'kulowetsa mnyamata wina wa miyendo yolemera. Mlamu wa aphunzitsiwo.

"Walakwitsa kanayi, akalakwitsanso woyimbira amuchotseratu. Ndikumusunga." Ndiwo mawu amene aphunzitsi anauza anthu atayamba kung'ung'udza. Kumusungira liti? Wezulo yomaliza inalira malume akadali pa benchi, thukuta litauma, kumaso kuli mchere wokhawokha. A ku Biwi anatipitirira. Koma mlamu uja anali atagoletsa kangapo mabwana akuona, ndipo ntchito inapita kwa iye.

Adzukulu anga akamaonera mpirawu pa foni amati, "Agogo, kochi sagwira mpira, olephera ndi osewera." Ine kusukulu sindinapondeko, koma mbuzi ikasowa m'khola ndimayamba ndafunsa amene anatseka chitseko. Mwina aphunzitsiwo anangoiwala. Mwina. Komatu munthu amaiwala ambulera, osati mnyamata wamtali kuposa onse atakhala pambali pake.

Amayi ananyamula dengu lawo n'kuchoka. Ine ndinatsala, kudikira ndewu. M'malo mwake ndinaona malume atasenza thumba la mipira, akuperekeza aphunzitsi kunyumba kwawo, akuseka nthabwala zawo zosaseketsa, mpaka kuti, "Zikomo aphunzitsi, chaka chamawa tidzayesanso." Ndinawanyanyala kwa masiku, ndinkati ndi amantha. Sindinkadziwa kuti m'Kawale monse mipira inali ya munthu mmodzi, ndipo mabwana akadzabweranso, wokweza dzanja adzakhala yemweyo.