Siginecha ya a Hosea

Tamala Ng'uni amagulitsa nsomba zouma pamsika wa Chama. Ndi mkazi wamfupi, wosakonda zolankhula. Anabadwira ku Tembwe, nakwatiwa ndi a Cyprian, amene anagwira ntchito yolondera nyama zamtchire ku Chifunda zaka makumi awiri. Atapuma pantchito, awiriwa anakhazikika pa boma.

Chaka chatha a Cyprian anadwala sitiroko, mbali ya kumanja inafa. Chimbudzi chawo chinali chokumba, kumapeto kwa bwalo, ndipo Tamala ankawakoka mpaka kumeneko katatu patsiku. Mvula itayamba anagwa nawo m'matope, a Cyprian n'kung'ambika pachipumi. Sabata yomweyo Tamala anaitana mmisiri kuti amange chimbudzi cha madzi m'nyumba.

Chinatsala ndi kokataya zonyansa. Nyumba zitatu zoyandikana nawo zinali ndi thanki imodzi ya zonyansa, ndipo mayi Beauty, woona zaukhondo, atayendera anati ndi yaikulu mokwanira. Anapatsa Tamala fomu.

"Eni nyumba onse atatu asaine. Akakana mmodzi, paipi yanu isakhudze thankiyo."

Awiri anasaina tsiku lomwelo. Wachitatu anali a Hosea, kalipentala, ndipo paipiyo inayenera kudutsa pabwalo pawo. Kalekale a Cyprian anagwira mng'ono wa a Hosea ali ndi minyanga ya njovu. Mng'onoyo anamwalira ali m'ndende.

Tamala anapitako kawiri, osalandiridwa. Ulendo wachitatu a Hosea anasiya kupala thabwa.

"Amayi, mwatopa nako kubwera kuno. Mwamuna wanu alibe pakamwa? Abwere yekha."

"Sayenda, bambo."

"Manje ine nditani?"

M'mawa mwake Tamala anayala bulangeti m'wilibala, nakweza mwamuna wake, n'kumukankha mpaka pakhomo pa a Hosea. Anthu anatuluka m'nyumba kudzaonerera. A Hosea anaimirira ndi sowo m'manja, akuyang'ana munthu amene kale ankayenda ndi mfuti, lero dovu likutsika pachibwano.

"Pepesani," anatero a Hosea. "Pepesani pamaso pa anthuwa, ndisaina."

Tamala anawerama, nanong'oneza mwamuna wake kuti angonena liwu limodzilo basi. A Cyprian analimbana ndi lilime lawo nthawi yaitali. Mawu atatuluka, aliyense anawamva.

"Njovu... anapha. Sindipepesa."

A Hosea anasendera pafupi, sowo ili m'manja, ndipo mkazi wawo anawagwira malaya kumbuyo. Tamala anaima pakati pa amuna awiriwo, fomu ili pachifuwa.

"Bambo, za ku Chifunda ine kunalibe. Amene amanyamula munthuyu ndine. Msana ukuthyoka ndi wanga."

A Cyprian anapumanso movutikira, nawonjeza kuti: "Koma kufa... sindinafune."

A Hosea anatembenuka n'kulowa m'nyumba. Anthu anayamba kubalalika, Tamala n'kugwira zogwirira za wilibala kuti azipita. Ndi pamene a Hosea anatulukanso ndi cholembera.

"Paipi isadutse pabwalo panga. Izungulire kuseri kwa mpanda. Ndipo munthu uyu asadzapondenso pano."

Anasainira pa thabwa lomwe ankapala, mwamphamvu mpaka pepala linabooka.

Njira ya kuseri inali yaitali kawiri, yodzaza mizu ya mtengo wa mango. Mayi Beauty anabweranso kudzaona ngati madzi angatsetsereke bwino, anayeza, navomera. Tamala anakumba ngalandeyo yekha ndi khasu, masana akaweruka kumsika, masiku asanu ndi anayi. Mmisiri analumikiza mapaipi Loweruka.

A Cyprian anagwiritsa ntchito chimbudzicho miyezi isanu ndi iwiri, namwalira mu Ogasiti. A Hosea sanapite kumaliro. Tamala anabwerera pa tebulo lake la nsomba, ndipo mdzukulu wa mchemwali wake, amene akuphunzira unamwino, ndiye akukhala naye tsopano.