Nandolo Amene Amalume Anazula

Ndinadandaula koyamba ku komiti ya kalabu yathu ya alimi kuno ku Ligowe mvula ya chaka chatha isanagwe, kachiwiri titakolola. Makope a makalata onsewo ndikusunga. Yankho palibe, choncho ndifotokoze pano chimene chikundiwawa.

Ndikukumbukira ndili mwana, amalume anga a Fulaye anapita kuboma kukaphunzira ulimi kwa sabata imodzi, n'kubwerako ngati munthu woona masomphenya. Chiphunzitso chawo chinali chakuti munda umodzi, mbewu imodzi. Amayi ankabzala nandolo ndi maungu pakati pa chimanga, monga ankachitira aliyense m'mapiri muno. Amalume anati umenewo ndi umbuli, ndipo m'mawa wina analowa m'munda mwathu n'kuyamba kuzula. Fungo la dothi lonyowa ndi mizu ya nandolo sindinaliiwale.

"Achimwene, chimanga chikakanika anawa adzadya chiyani?" anafunsa amayi.

Iwo anayankha kuti chimanga cholimidwa mwa lamulo sichikanika.

Mvula inadula chimanga chikumasula, chonse n'kupserera. Anthu amene amalume ankawatcha mbuli aja anadya maungu, kenako nandolo. Ife tinkayenda m'makomo mwawo ndi kambale, ndipo mlongo wanga wamng'ono anatupa miyendo. Amalume anabwera, anauyang'ana mundawo atapinda manja kumbuyo, n'kunena kuti njira inali yolondola, yalakwa ndi mvula. Mwana uja sanamuyang'ane n'komwe.

Masiku ano kwabwera ulimi wa mtayakhasu, wosaunga mizere koma kuphimbira nthaka ndi mapesi. Kalabu yathu inalamula kuti tonse tiziutsata. Ndi ulimi wabwino, inenso ndimautsata. Koma munda wa mayi Nachisale, omwe ndi amasiye, uli paphiri, potsetsereka kwambiri. Atausiya wopanda mizere, madzi anakokolola mbewu yonse. Chaka chotsatira anaunga mizere, ndipo komiti inawachotsa m'kalabu n'kuwamana mbewu. A wapampando, amene sanapondemo m'mundamo, anandiuza kuti lamulo ndi lamulo basi. Zinali ngati ndikumva amalume akulankhula, kungoti awa anavala jekete.

Tsopano ndimawadziwa anthu otere. Za munda kapena mwana alibe nazo ntchito. Chimene amafuna n'kuoneka olondola, njala n'kumagwera ena.

Choncho ndikupempha mwaulemu kuti komiti ikwere phirilo ikaone mundawo ndi maso, iwabwezeretse mayi Nachisale m'kalabu pamodzi ndi mbewu yawo, ndipo indiyankhe polemba mvula isanagwe.